Nyanja za Gokyo: ulendo umene sufuna munthu wa liwiro

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Nepal, m'boma la Solukhumbu, kuli nyanja zisanu ndi imodzi zimene zinandandalika m'chigwa chimodzi kunsi kwa phiri la Cho Oyu. Zonse pamodzi amazitcha nyanja za Gokyo. Yam'munsi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 4,700 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, yakumtunda ili cha m'ma 5,000. Ife tinazolowera kuti nyanja imakhala kunsi, kumene mitsinje imathera, choncho manambala amenewa amafuna kuwaganizira kawiri. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti munthu ataima pa Sapitwa, kuti akasambe m'manja m'nyanja yoyamba ya Gokyo ayenera kukweranso mamita ena 1,700.

Kukafika kumeneko sikulira chingwe ngakhale luso lokwawa pathanthwe. Njira yake ndi ya miyendo basi, yomweyo imene ng'ombe za ubweya wambiri zotchedwa yak zimadutsamo zitasenza katundu. Achikulire amafika, anthu amene sanakwerepo phiri amafikanso. Vuto lagona pomwepo. Nsonga ya phiri imaopsa munthu akangoiona, ndipo woikwera amafika, kujambulitsa, n'kutsika tsiku lomwelo. Nyanja imachita zosiyana: imaitana munthu kuti akhale. Pali malo athyathyathya, pali madzi, pali nyumba zogona alendo. Munthu amagona pomwepo, pamene thupi limadwala chifukwa cha malo amene wagona, osati amene wangopondapo masana n'kuchoka.

Nyanjazi zinapangidwa ndi madzi oundana. Kum'mawa kwake kumadutsa Ngozumpa, chimtsinje cha madzi oundana chotalika makilomita oposa 30, chimene ambiri amati ndicho chachitali kuposa zonse za m'mapiri a Himalaya. Madzi oundana akaunjikana chotere amayenda, pang'onopang'ono, ndipo poyendapo amakumba thanthwe, kuliphwanya, n'kumakankhira miyala ndi dothi m'mbali. Mtumbira wa miyala umenewu unakula mpaka kutseka pakamwa pa tizigwa tochokera kumadzulo, madzi osungunuka n'kusowa kolowera. Mtundu wobiriwira mosakanikirana ndi wa thambo umene umakopa anthu pazithunzi umachokera ku ufa wa miyala yoperedwa ndi madzi oundanawo. Ufawo ndi wosalala moti sukhazikika pansi msanga, umangoyandama, ndipo dzuwa likawomba umabweza mtundu umenewo. Ngozumpa weniweniyo amakhumudwitsa amene amayembekeza chinthu choyera mbee. Pamwamba pake ponse pali miyala yotuwa, ndipo umadziwa kuti pansi pali madzi oundana ukamva miyala ikugumuka yokha n'kugwera m'maiwe.

Ambiri amayamba ulendo ndi kandege kakang'ono kotera ku Lukla, pa mamita pafupifupi 2,850, pabwalo lotsetsereka lotalika mamita 527 okha limene linamangidwa mu 1964 mothandizidwa ndi Edmund Hillary. Tsiku loyamba munthu amatsika m'malo mokwera, kukagona ku Phakding m'mphepete mwa mtsinje wa Dudh Koshi. Lachiwiri amalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Sagarmatha pa Monjo, kuwoloka milatho ya zingwe yolenjekeka pamwamba pa mtsinje, kenako chitunda chachitali chokafika ku Namche Bazaar, tauni ya anthu a mtundu wa Sherpa yomwe ili pa mamita 3,440. Pano aliyense woganiza bwino amagona masiku awiri. Kupitirira Namche njira imagawikana: khamu lalikulu limalowera kumanja, ku msasa wa okwera Everest, ochepa amakhotera kumanzere kudzera ku Dole, pamwamba pang'ono pa mamita 4,000, kenako Machhermo pa 4,470, mpaka kumudzi wa Gokyo pa 4,790, m'mphepete mwa nyanja yachitatu yotchedwa Dudh Pokhari. Kupita ndi kubwera kumatenga pafupifupi masabata awiri.

Munthu akaona mapu amadabwa kuti masabata awiriwo akuthera pati. Kuchoka ku Dole kukafika ku Machhermo ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi. Mnyamata wozolowera kuyenda amafika dzuwa lisanafike paliwombo, miyendo ikadali ndi mphamvu, n'kuyamba kufunsa chifukwa chake akukhala pansi pamene Gokyo ali pafupi. Funso limeneli ndi limene limadwalitsa anthu.

Anthu amakonda kunena kuti kumtunda kulibe okosijeni. Kwenikweni mpweya ndi womwewo: pa magawo 100 alionse, 21 ndi okosijeni, kaya ku Nsanje kaya pa Everest. Chimene chimasintha ndi kupanikizika kwake. Kunsi mpweya umatsenderezedwa ndi mpweya wonse umene uli pamwamba pake. Ukamakwera umamwazikana, ndiye kupuma kumodzi kumalowetsa wochepa. Pa mamita 3,000 munthu amakoka pafupifupi magawo 70 pa 100 a zimene akanakoka kugombe la nyanja yamchere, ndipo ku Gokyo amakoka wongopitirira theka pang'ono. Thupi limadziwa chochita. Limayamba kupuma mofulumira, impso zimasintha magazi kuti agwirizane ndi kapumidwe katsopanoko, munthu amakodza pafupipafupi, ndipo pakapita masabata magazi ofiira amachuluka. Koma ntchito imeneyi ili ndi liwiro lake, limene silisintha chifukwa choti munthu ndi wothamanga kapena wosewera mpira. Madokotala a kumapiri anaona kalekale kuti mphamvu sizitchinjiriza munthu ku matendawa. Nthawi zina wamphamvu ndiye amagwa msanga, chifukwa miyendo yake imamufikitsa kumene magazi ake sanakonzeke. Usiku zinthu zimaipirako chifukwa munthu akagona amapuma mozizira. Ena amadzidzimuka pakati pa usiku akubanika, kupuma kutaima kwa kamphindi.

Lamulo limene akatswiri ambiri amagwirizanapo ndi losavuta: ukapitirira mamita 3,000, malo ogona lero asapose a dzulo ndi mamita 500, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi ugone kawiri pamalo amodzi. Masana ukhoza kukwera chitunda chapafupi, bola ubwerere kudzagona m'munsi. Kuyambira ku Dole, midzi ya m'njira ya Gokyo inatalikirana molingana ndi muyeso umenewu, ndipo amene amaidumpha amadziputira yekha.

Matenda oyamba amabwera ngati matsire: mutu, nseru, kusafuna chakudya, chizungulire, kufooka. Madokotala ali ndi njira yowerengera zizindikiro zimenezi imene anagwirizana mu 1991 pamsonkhano wa ku Lake Louise, m'mphepete mwa nyanja ina ya m'mapiri ku Canada. Pa msinkhu umenewu mankhwala ake ndi kuima, osakweranso mpaka mutu utaleka. Akaumirira, pali zinthu ziwiri zimene zimapha. China ndi madzi kudzaza m'mapapo: munthu amachita befu ngakhale atakhala pansi, amatsokomola, milomo imada, kenako makhololo amatuluka a thovu, mwina osakanikirana ndi magazi. China ndi kutupa kwa ubongo: amadzandira, sangayende mzere wowongoka, amalankhula zosokonekera, ndipo choipa kwambiri n'chakuti iyeyo ndiye amakana kuti akudwala. Zikafika apo palibe zodikira kuti kuche. Munthuyo atsike, ngakhale ndi usiku, ngakhale pamsana pa wina, ndipo asatsike yekha. Mamita 500 kapena 1,000 okha amatha kubweza moyo. Mankhwala alipo: acetazolamide, amene ambiri amawadziwa kuti Diamox, amafulumizitsa kuzolowera ngakhale amachititsa dzanzi m'zala, dexamethasone ndi nifedipine amagula nthawi, palinso chithumba chopopera mpweya chimene wodwala amagonekedwamo. Zonsezi n'zothandiza kuti munthu athe kutsika, osati kuti apitirize kukwera.

Kwa munthu wochokera kuno pali zinthu ziwiri zowonjezera. Mutu ndi kuphwanya kwa thupi ife timathamangira kuti ndi malungo, ndipo wochoka kudera la udzudzu akhozadi kunyamula malungo m'magazi n'kukadwalira kumapiri. Matenda a kumtunda paokha sakonda kutenthetsa thupi kwambiri, choncho kutentha kukakhalapo nkhani ya malungo isaiwalike. Koma kumeza mankhwala a malungo n'kupitiriza kukwera mutu ukuwawa ndi kusewera ndi moyo. Chachiwiri ndi sickle cell. Anthu ambiri a mu Africa ali ndi chibadwa cha matendawa osadziwa, chifukwa sichiwavutitsa. Kumalo okwera kwambiri chibadwa chimenechi chimatha kutseka mitsempha ya m'kapamba, munthu n'kumva ululu woopsa kumanzere pansi pa nthiti. Kuyezetsa magazi usananyamuke n'kotchipa poyerekeza ndi tikiti ya ndege.

Si nyanja zonse zimene zimayendedwa mwa njira imeneyi. Ku Peru kuli Laguna 69, pa mamita pafupifupi 4,600 m'nkhalango yotetezedwa ya Huascarán. Anthu amachoka m'tauni ya Huaraz m'bandakucha pa basi, kuyenda maola atatu, kuona nyanja, n'kubwerera kukagona m'tauni pa mamita ongopitirira 3,000. Ambiri amavutika ndi mutu m'njira, ena amasanza, koma poti sagona kumtundako, zoopsa zenizeni zimachepa. Tilicho, ku Nepal komweko m'boma la Manang, ili pa mamita 4,919, ndipo anthu amaifikira kuchokera kumsasa wa m'munsi n'kubwerera. Kumeneko mantha ali panjira yodutsa m'mbali mwa chiphedi cha miyala yosakhazikika. Mu Africa muno ziliponso, ndipo sindimvetsa chifukwa chake sizitchuka. Pa phiri la Kenya, njira ya Chogoria imadutsa pamwamba pa Lake Michaelson, nyanja yokhala m'chigwa chozama cha m'ma mamita 4,000. Ku Rwenzori, m'malire a Uganda ndi Congo, kuli Bujuku ndi Kitandara, kumene mdani wamkulu ndi matope ofika m'mawondo. Lamulo la kagonedwe ndi lomwelo konseko.

Kenako pali nyengo. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, choncho ku Gokyo madzi a m'botolo amaundana usiku m'chipinda chogona, ndipo m'miyezi yozizira nyanja zimauma gwaa pamwamba. Dzuwa nalo limawotcha khungu ndi maso kuposa kunsi, makamaka likamanyezimira pa chipale. Khungu lakuda limapsanso, ndipo maso opanda magalasi akuda amatupa mpaka munthu kulephera kuona kwa masiku angapo. Miyezi yoyendera ndi March mpaka May, ndi October mpaka November, kupewa mvula ya monsoon ya June mpaka September. Koma ngozi ziwiri zazikulu zimene anthu amakumbukira zinachitika m'miyezi yabwinoyo. Mu November 1995 chipale chinagwa chambiri mwadzidzidzi, ndipo chigumukire chake chinakwirira nyumba za alendo ku Panga, pakati pa Machhermo ndi Gokyo, n'kupha alendo 13 a ku Japan pamodzi ndi anthu a ku Nepal amene anali nawo. Mu October 2014 namondwe wa Hudhud, amene anachokera kunyanja ya Bengal, anagwetsa chipale kumapiri a Annapurna, anthu oposa 40 n'kufa, ambiri cha ku mpata wa Thorong La, kufupi ndi Tilicho. Kawiri konseka chiyambi chinali namondwe wa kunyanja yamchere, kutali ndi mapiri.

Zithunzi za maulendowa zimaonetsa mlendo ataima yekha m'mphepete mwa madzi, kachikwama kakang'ono kumsana. Chikwama chachikulu chinafika kale pamutu pa munthu wina. Alendo amatcha aliyense wonyamula katundu kuti Sherpa, koma Sherpa ndi mtundu wa anthu, ndipo masiku ano ambiri a iwo ndi eni nyumba za alendo kapena otsogolera magulu. Osenza katundu ambiri ndi a mitundu ina, monga Rai ndi Tamang, ochokera kuzigwa za m'munsi. Matupi awo sanabadwire kumtunda, ndipo amadwala matenda omwewo amene amagwira mlendo, kusiyana kwake n'kwakuti iwo akadandaula amaopa kutaya malipiro. Amasenza ndi lamba wodutsa pamphumi. Wonyamulira alendo amayenera kulekeza pa makilogalamu 25 kapena 30, koma onyamula katundu wa m'masitolo, amene amalipidwa potengera kulemera, amasenza mpunga, mowa, matabwa ndi malata zolemera pafupifupi ngati iwo eni. Mu 1997 mnyamata wina wonyamula katundu anadwala kumtunda, anamulipira n'kumuuza kuti atsike yekha, ndipo anafera m'njira. Imfa imeneyo ndiyo inayambitsa bungwe la International Porter Protection Group, limene kwa zaka zambiri linayendetsa malo ogona onyamula katundu ndi kachipatala ku Machhermo. Himalayan Rescue Association, imene inayamba mu 1973, ili ndi zipatala zake ku Pheriche ndi ku Manang. Ine ndimaona kuti kampani ya maulendo iyenera kuyesedwa ndi mafunso awa mtengo usanakambidwe: wonyamula katundu agona pati, wavala nsapato zanji, ndipo akadwala atsika ndi ndani. Amene anakwerapo Mulanje ndi anyamata a ku Likhubula akudziwa kuti mafunso amenewa si a ku Nepal kokha.

Za helikopita ndingonena mwachidule. Imapulumutsadi anthu, ndipo inshulansi yopitirira mamita 5,000 ndi yofunika chifukwa ulendo umodzi wa helikopita umadya madola masauzande angapo. Koma mu 2018 boma la Nepal linafufuza n'kupeza kuti makampani ena ankafulumizitsa alendo dala, kapena kuwakakamiza kukwera helikopita pa mutu wamba, kuti adye ndalama za inshulansi. Ulendo wolonjezedwa masiku ochepa modabwitsa uyenera kukayikitsa.

Moyo wa m'nyumba za alendo ndi wosalira zambiri. Chipinda chodyera chokha ndicho chimafunda, ndi mbaula imodzi pakati yosonkhera ndowe zouma za yak, chifukwa kudula mitengo m'nkhalangoyi n'koletsedwa, ndipo zitsamba za juniper zimene zinkathera pamoto zimatenga zaka zambiri kuti zikule. Chakudya chodalirika ndi dal bhat, mpunga wa mphodza ndi ndiwo zamasamba, chimene amawonjezera ulere munthu akafuna. Madzi kumeneko amawira pa madigiri pafupifupi 85, osati 100, choncho mpunga supsa bwino popanda poto wa pressure cooker. Nyama ndi bwino kuisiya. A Sherpa ndi Abuda ndipo sapha nyama m'dera lawo, ndiye nyama iliyonse imene ili pa mbale yayenda masiku pamsana pa munthu kuchokera kunsi, popanda firiji.

Kwa eni dziko nyanjazi si malo ojambulirapo zithunzi. Ahindu ndi Abuda amaziona kuti n'zopatulika, ndipo ku Gokyo amati ndi kwawo kwa mulungu wa njoka. N'chifukwa chake abakha ofiirira amene amasambira m'menemo palibe amene amawaponya mwala. Mwezi ukakhala wathunthu cha mu August, pa chikondwerero cha Janai Purnima, anthu amakwera kukasamba m'madzi ozizirawo. Khamu lalikulu limapita ku Gosaikunda, pa mamita 4,380 m'nkhalango ya Langtang, nyanja imene amati mulungu Shiva anaitumphutsa pobaya phiri ndi mkondo wake wa mano atatu pofuna kuziziritsa kukhosi atameza poizoni. Opembedza ambiri amakwera m'masiku awiri okha, ena atavala patapata, ndipo madokotala amene amakagwira ntchito pamwambowo amakumana ndi odwala ochuluka. Gokyo ndi Gosaikunda zonse zinalembedwa mu 2007 m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Kulembedwako sikuchotsa vuto lenileni, lakuti m'malo ozizira chonchi zonyansa za m'chimbudzi siziwola msanga, pamene mudzi wonse wa alendo wakhala pagombe penipeni pa nyanja imene madzi ake amatsikira kwa anthu a kunsi.

Amene wafika bwino n'kugona bwino amadzuka usiku kukwera Gokyo Ri, chitunda cha mamita 5,357 chimene chili pamwamba pa mudzi. Ndi maola awiri kapena atatu a kuponda kakhumi n'kuima. Pamwamba pake pamaoneka mapiri anayi mwa asanu ndi limodzi aatali kwambiri padziko: Everest wa mamita 8,849, Lhotse, Makalu ndi Cho Oyu. Ambiri amene anaona mbali zonse ziwiri amati Everest amaoneka bwino kuchokera pano kuposa kumsasa wake.

Kuchokera pachitundapo pamaonekanso chinthu china: maiwe ambirimbiri pamwamba pa Ngozumpa. Madzi oundana akusungunuka mofulumira kuposa mmene chipale chikuwabwezerera, ndipo maiwewo akulumikizana. Nyanja zatsopano zotere zimatchingidwa ndi mtumbira wa miyala yosamatirira, nthawi zina wokhala ndi madzi oundana m'kati. Chigumukire chikagwera m'nyanja, funde limalumpha mtumbirawo n'kuung'amba. Amene anaona Napolo ku Phalombe mu 1991 akudziwa mmene madzi osakanikirana ndi miyala amatsikira m'phiri. Kusiyana kwake n'kwakuti Napolo wa kumeneko amatha kubwera kunja kuli ngwee, popanda dontho la mvula. Pa 4 August 1985 nyanja ya Dig Tsho, m'chigwa choyandikana ndi cha Gokyo, inaphulika n'kukokolola milatho, minda ndi malo opangira magetsi a ku Namche amene anali pafupi kutha kumangidwa. Ku Peru, Palcacocha inachita zomwezo pa 13 December 1941 n'kupha anthu osachepera 1,800 ku Huaraz. Mu October 2023 South Lhonak ya ku Sikkim, m'dziko la India, inagumula damu lalikulu la magetsi pa mtsinje wa Teesta. Mu August 2024 madzi ochokera kutinyanja ting'onoting'ono timene sitinali m'gulu la zoopedwa kwambiri anawononga nyumba, sukulu ndi chipatala m'mudzi wa Thame, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Namche.

Pali zimene zikuchitika. Imja Tsho, imene m'ma 1960 inali timaiwe chabe koma lero ndi nyanja yoposa sikweya kilomita imodzi, asilikali a Nepal anaikumbira ngalande mu 2016 n'kutsitsa madzi ake ndi mamita 3.4, ndipo m'midzi ya kunsi anaikamo zida zochenjeza anthu. Ntchito imeneyo inadya madola mamiliyoni pa nyanja imodzi yokha, pamene m'mapiri a Nepal muli nyanja za mtundu umenewu zoposa 2,000. Nyanja zakale za Gokyo zimaonedwa kuti n'zokhazikikako. Imene akatswiri akuiyang'anitsitsa ndi yatsopano, yotchedwa Spillway Lake, imene ikukula kumapeto kwa Ngozumpa. Madzi ake amatulukira mu Dudh Koshi, mtsinje womwe uja umene alendo amawoloka pa milatho ya zingwe, ndipo m'mphepete mwake ndi mmene muli Phakding ndi midzi ina imene anthu ake amadya za ulendo wa ku Gokyo.